Ankati makina anga ojambulira nyimbo akupopa magazi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kumene muliko, kaya kuno ku Mecanhelas, kaya kutsidya kwa malire. Ine ndine mayi a Graça wa ku Insaca. Ena mwa inu mumandidziwa chifukwa cha kasitudiyo kathu kojambulira nyimbo kuseri kwa msika. Ndalemba kuti ndichitire umboni mmene Mulungu anandilanditsira ine ndi ana anga awiri pamene anthu anandinena kuti ndine namapopa, wopopa magazi a anthu. Mundikhululukire polemba, sukulu ndinalekezera kinta kalasi, ndiye kuti kalasi yachisanu.

Zinayambira pa mjigo. M'mawa umenewo ndinapeza mzere wautali, zidebe ndi zigubu zitandandalika mpaka patsinde pa mango. Ndinaika chigubu changa kumapeto monga mwa masiku onse. Amayi amene anali patsogolo panga anachotsa chidebe chawo n'kuima pambali. Otsatira nawonso anachotsa. Enanso chimodzimodzi. Ndinangoona njira yatseguka mpaka pa mpope, anthu onse ali chete, maso pansi. Ine poganiza kuti akundimvera chisoni chifukwa ndinali nditabereka mwana wanga wamng'ono Paulo kumsana, ndinati zikomo, n'kutunga. Koma nditasenza ndinacheuka. Ndinaona mayi wina akukwecha chogwirira cha mjigo ndi mchenga, pamalo penipeni pamene ndinagwira ine. Sindinadziwe chimene ndalakwa, koma ndinadziwa kuti chilipo, ndipo aliyense akuchidziwa kupatula ine.

Kuti mumvetse, ndibwerere m'mbuyo pang'ono.

Situdiyo anaiyambitsa amuna anga, bambo a Graça, m'chipinda chimodzi cha nyumba yathu. Tinkajambula makwaya a mipingo, nyimbo za ukwati, ndi kaswida, nyimbo zija amaimba amayi achisilamu ndi ting'oma tawo ta m'manja. Ine ndinaphunzira pongoonerera. Komputadori yathu yakale inali ndi pulogalama imene ndinaizolowera ngati munsi wanga. Gulu lonse linkalowa pamodzi n'kuima mozungulira mikolofoni imodzi, a mawu akulu kumbuyo, a mawu aang'ono kutsogolo, chitseko chili pululu chifukwa cha kutentha, ana a eni akusuzumira pazenera. Ine kudina batani limodzi, iwo kuimba, ine kudinanso. Wina akaphonya, onse kuseka n'kuyambiranso. Munthu wodutsa m'njira ankaona zonse.

Amuna anga atapeza ntchito ku doko la Nacala anandisiyira situdiyo. Mvula itafika denga linadontha, madzi analowa mu komputadori, basi inafa. Iwo ananditumizira laputopu pa chapa, minibasi zathu za kuno, pamodzi ndi kabokosi kakang'ono kolumikizira mikolofoni. Ndinasangalala, mpaka nditaiyatsa. Pulogalama yake inali ina. Mawu onse a Chingerezi, timabatani tambirimbiri ngati nyerere zapeza shuga. Batani langa lija kulibe. Ndikadina apa kumatuluka zenera, ndikatseka zeneralo kumasowa china. Nyimbo zimene tinasunga kale zinkakana kutseguka m'menemo. Ndinalira ngati mwana, abale, chifukwa ana anga amadya kuchokera pa tebulo limenelo.

Amuna anga ankandiphunzitsa pa foni nthawi yopuma kuntchito, mothamanga, kumbuyo kukumveka malole. Anati masiku ano sajambula gulu lonse pamodzi. Munthu aliyense amakhala ndi mzere wa mawu ake pa galasi la laputopu. Ayambe wotsogolera, kenako mawu achiwiri, kenako abambo, aliyense payekha, atavala zomvera za m'makutu kuti azimva anzake amene ajambulidwa kale, pamodzi ndi kanthu kogunda tek, tek, tek kosunga liwiro la nyimbo. Anatinso ndikhome kachipinda pakona n'kukakuta ndi mabulangete, phokoso la msika lisalowe.

Ndinamvera. Ndinadula nsungwi, ndinapachika mabulangete athu onse, kapulana wanga wamkulu, chitenje changa chovala, ndinamusandutsa chitseko. M'katimo munali mdima, kutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Ndipo munthu akayamba kuimba, mzere wake pa galasi unkasanduka wofiira, n'kumakwawa kupita kudzanja lamanja, kumanenepa akakweza mawu. Ine sindinaonepo choipa. Ndinkangoti ndi mmene anaipangira eni ake.

Panali vuto lina limene sindinkalimvetsa. Aliyense wolowa m'kachipindamo ankadandaula kuti mawu ake akumufika m'makutu mochedwa. Iwe ukati "Ambuye", pang'ono pokha kumbuyo kwako wina akuti "Ambuye", ndi mawu ako omwewo. Tayesani kuyankhula wina akukutsanzirani chotero. Lilime limalemera. Anthu odziwa kuimba anayamba chibwibwi. Bambo wina amene amatsogolera nyimbo pa maliro onse a kwathu kuno anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kuti, "Mayi, muli munthu umu." Tinaseka tonse. Ndinawauza kuti azolowera. Pulogalamayo inenso ndinali ndisanaizolowere, ndiye ndinkaona ngati tonse tili pa sukulu imodzi.

Kenako kunabwera kwaya ya achinyamata yochokera ku Chiuta, pa njinga. Wotsogolera nyimbo anali mtsikana wowonda, dzina lake Luzia, mawu ake okoma mosasimbika. Analowa dzuwa lili paliwombo. Anayamba, anasokonekera, anayambanso, anasokonekeranso. Ine maso anali pa galasi, kufunafuna pobwezera nyimbo poyambira, chifukwa nthawi iliyonse ndinkaiwala pamene anapaika. Ndili mkati mofufuza choncho ndinaona mzere wake waphwa, watsala kachingwe kowongoka. Ndinaitana, zii. Posolola kapulana ndinamupeza atagwa, zomvera zili m'makutu, waya atamukulunga pamkono. Anzake anathamangira m'kati. Anaona mnzawo ali thapsa pansi. Anatembenuka n'kuona galasi ladzaza zofiira. Tinamuwaza madzi, anatsitsimuka, anamukweza pa njinga kupita naye ku chipatala. Kumeneko anamupeza ndi malungo, ndipo anati magazi ndi ochepa m'thupi.

Magazi ndi ochepa. Anamwino ananena zoona zokhazokha, koma mawuwo pofika pa msika anali atamera mano.

Za pa mjigo zija zinachitika patangopita masiku ochepa. Amene anandiululira anali mwana wanga yemwe. Tsiku lomwelo Graça anabwera kuchokera ku sukulu nthawi yoweruka isanakwane, diresi litang'ambika paphewa. Sanali kulira. Anangoima pakhomo n'kundifunsa kuti, "Amayi, namapopa n'chiyani?" Ndinamufunsa kuti wazimva kuti. Anati anzake akuti ine ndimatsekera anthu m'chipinda cha mdima, kuwamanga mawaya, magazi awo n'kumaoneka pa galasi, ndipo ababa ake amakawagulitsa ku sitima za pamadzi ku Nacala. Ndinakhala pansi pomwepo, pa dothi.

Inu a kuno mukudziwa kulemera kwa dzina limenelo. Munthu akanenedwa kuti ndi namapopa sapita naye kubwalo, samufunsa mbali yake. Ndi miyala ndi moto, ndipo moto sudziwa kuti uyu ndi mwana. Ndinakula ndikumva nkhani zotere zikuchitikira anthu achilendo, obwera ndi zida zosadziwika. Sindinalotepo kuti tsiku lina wa zida zosadziwikayo adzakhala ine, wobadwira konkuno, amene mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa nyumba ya agogo.

Ndinatseka situdiyo ndi loko. Ndimati ndikuzimitsa nkhani, osadziwa kuti ndikuikolezera, pakuti anayamba kunena kuti wabisa, ngati mulibe kanthu watsekeranji. Ndinaimbira amuna anga. Anati ndisaope, ndi zokamba za anthu, abwera mwezi ukatha. Sindikuwanena, munthu ali kutali saona maso a anthu mmene akukuyang'anira. Ndinapita kwa akuluakulu a dera lathu, ndinapeza atapita ku maliro kutali. Ku tchalitchi ena anandipatsa moni ali patali, manja atapinda. Graça ndinamuletsa sukulu. Paulo, amene wangoyamba kumene kuthamanga, ndinkamumangirira kumsana tsiku lonse ngakhale akulira kuti akufuna kutsika.

Ndinasanduka mlonda. Njinga ikadutsa pang'onopang'ono, ine ndili pa kaboo ka zenera. Anyamata akaima pa baraka, kagolosale ka kutsidya kwa msewu, ndinkayang'ana kumene nkhope zawo zaloza. Mango akagwa padenga ndinkadzidzimuka mpaka mkaka kutuluka. Ndinamanga kamtolo ka zovala za ana, kuganiza zothawira ku malire a ku Entre Lagos n'kuolokera kwa azakhali ku Malawi, monga anachitira makolo anga nthawi ya nkhondo. Koma chapa amakwerera pa msika, ndipo pa msika ndi pamene panali anthu amene ndinkawaopawo. Kukhala, mantha. Kuchoka, mantha. Chakudya sichinkatsika.

Pemphero langa silinali lokongola ngati a m'mabuku. Mawu onse anandithawa. Ndinkangogwada pafupi ndi mphasa ya ana n'kumati, "Ambuye, za ine zikhale mmene zingakhalire, koma anawa. Anawa, Ambuye." Basi. Kubwereza zomwezo mpaka mawondo kuchita dzanzi. Ndipo ndinene zoona, sindinamve yankho lililonse. Kumwamba kunali chete ngati pa mjigo paja.

Anthu ndinkawaopawo anabwera Lachisanu masana. Ndinayamba kumva phokoso ngati la njuchi kuchokera ku msika, likukula, likuyandikira. Mwala woyamba unagwa pa malata. Paulo analira. Ndinakoka ana onse awiri kupita ku chitseko cha kuseri, koma posuzumira ndinaona kuti kumenekonso kwaima amuna. Ndinawalowetsa kuseri kwa mgolo wa madzi n'kuwafunditsa thumba, ndinauza Graça kuti atseke kukamwa kwa mlongo wake. Pa kaboo kaja ndinaona bwalo lathu ladzaza. Ambiri ndinkawadziwa. Ena ndinawajambulirapo nyimbo za ukwati wawo. Patsogolo panali a Fernando, amalume ake a Luzia, maso ali psuu, akufuula kuti ndituluke ndi makina anga. Kumbuyo kwawo kunali bambo wina wachipewa amene sindinkamudziwa, atanyamula kachigubu kachikasu, ndipo sikanali ka madzi.

Pamenepo ndi pamene ndinamva ting'oma.

Poyamba ndinkati ndi mutu wanga wasokonezeka. Koma ayi, anali amayi a kaswida, atavala mipango yoyera, akubwera mumsewu akuimba, ngati akupita ku ukwati. Ndinali nditaiwaliratu kuti kalekale, mavuto asanayambe, tinagwirizana kuti Lachisanu limenelo akaweruka ku mzikiti adzabwere kudzajambula nyimbo za ukwati wa mwana wa mmodzi wa iwo. Patsogolo pawo panali Abiti Amidu. Amene simuwadziwa, ndi mayi wamkulu thupi, wogulitsa nsomba zouma za ku nyanja ya Chiuta, ndipo pa msika ponse palibe amene amafuna kukangana nawo, chifukwa pakamwa pawo sipatha mawu. Sanali mnzanga. Tinkangopatsana moni. Analowa pakati pa khamulo akukankha anthu ndi zigongono ngati akudutsa m'munda wa mapira, mpaka kufika pakhonde, n'kumenya chitseko ndi chikhatho.

"Mayi a Graça! Tsegulani! Ife sitinavale bwino chonchi kuti tidzaimbire dzuwa!"

A Fernando anati, "Abiti, chokanipo apo. Muli namapopa m'menemo. Mwana wa mlongo wanga ali gone ku chipatala."

"Iwe Fernando, si iwe unkanditolera matemba pansi pa benchi uli ndi kabudula wobooka kumbuyo? Lero wasanduka dokotala wa magazi?" Anatembenukira khamu lonse. "Tamverani. Ine ku chipatala amati magazi anga amathamanga mopitirira, anandiletsa ndi mchere womwe. Ngati muli chopopa m'nyumba muno, chiyambe ine, mwina n'kupumulako mapiritsi."

Ena anaseka, ochepa chabe, kuseka kwa m'mphuno. Koma miyala inaleka.

Abale, m'moyo wanga sindinachitepo chinthu chovuta ngati kutsegula chitseko chimenecho ana anga ali kumbuyo kwanga. Ndinati, Yesu, n'kukoka mpiringidzo. Abiti analowa okha, anandiyang'ana kamodzi, n'kuti ndiwaonetse. Nditatsegula situdiyo anasolola kapulana uja, analowetsa mutu, anautulutsa msanga. "Subuhana! Umu mumaika anthu kapena mumayanikamo fodya?" Sanandifunsenso. Anayamba kukanganula mabulangete n'kumawaponya panja, limodzilimodzi, anthu akuona. Kenako anauza amayi anzawo kuti anyamule tebulo lonse, laputopu, kabokosi, mikolofoni ndi koluna yotulutsa mawu, aziike pakhonde, galasi liloze kwa anthu. Anandigwira paphewa n'kunena motsitsa kuti ndichite zonse zimene ndimachita, pamaso pawo, ndisasiyeko kanthu.

Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kudziphetsa ndekha. Ndinayatsa laputopu, pulogalama inatseguka, ndipo mutu wanga unangoti mbee. Zala zinkafuna batani lakale lija, limodzi lija, la mu komputadori yakufa. Ndinadina, palibe chochitika. Abiti anavala zomvera pamwamba pa mpango n'kuyamba kuimba, galasi lili zii. Ndinadinanso, kunatuluka zenera la Chingerezi. Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anafuula kuti, "Wazimitsa dala! Akubisa!" Ndinaona wachipewa uja wasuntha kubwera kutsogolo. Ndinatsinzina. Ndipo mu mdima umenewo ndinamva mawu a amuna anga monga ankanenera pa foni, mwadongosolo lake, ngati akuwerengera mwana. Tsegula mzere watsopano. Uuze mzerewo mikolofoni yoti umvere. Yatsa kadontho ka pambali pake. Ukatero dina lozungulira la pamwamba. Masiku onse ndinkasokoneza chachiwiri ndi chachitatu. Tsiku limenelo zala zinayenda zokha. Ine ndikuti si ine.

Mzere wofiira unayamba kukwawa. Khamu linabwerera m'mbuyo, amayi ena anagwira pakamwa. Abiti anaimba mawu awiri, atatu, lilime linawapindika, anaima. Anayambanso, linawapindikanso. Anakwiya. Anayang'ana mikolofoni n'kuikalipira kuti, "Ndani akunditsanzira? Iwe mkazi wa m'katimu, amako sanakulange? Dikira ndimalize kaye ine!" Apa anthu anaseka ndithu, kuseka kwa m'mimba.

Ine ndinaona mpata, sindikudziwa kumene mphamvu ndinazitenga. Ndinapempha Abiti kuti akhale chete. Mzere unaphwa. Ndinati afuule. Unanenepa. Ndinawavula zomvera, ndinapempha mayi mmodzi kuti amenye kang'oma kake ali chapatali, osakhudza waya uliwonse. Anamenya, ndipo pa galasi panatumphuka chofiira chachikulu. Anamenyanso, chinatumphukanso. Abiti anazimvetsa msanga kuposa onse. Analanda kang'omako n'kukakweza m'mwamba. "Chikopa ichi mbuzi yake tinadya chaka chatha! Magazi ake akuchokera kuti?" Ndinabwezera poyambira, nthawi imeneyi ndinapapeza msanga, n'kutsegula koluna. Mawu a Abiti anamveka bwalo lonse akukalipira mkazi wa m'kati uja, kenako kang'oma, kenako za mbuzi. Anthu ena anakhala pansi ndi kuseka. Ana anayamba kukuwa dala kuti aone mzere ukunenepa.

A Fernando sanaseke. Abiti anawaveka zomvera n'kuwauza kuti atchule dzina lawo ndi la mudzi wawo, ndipo anachita chibwibwi ngati ena onse, koma atavula anandiyang'ana m'maso n'kufunsa motsitsa kuti, "Nanga mwana uja?" Sanalinso munthu waukali, anali munthu wa mantha ngati ine ndemwe. Ndiye mtsikana wina wa kwaya ya ku Chiuta, amene anali m'khamumo, anayankhula. Anati Luzia ananyamuka kwawo thupi likutentha kale, panjira anasanza, koma anawaletsa kunena chifukwa ankaopa kuti nyimbo yake aipereka kwa wina. A Fernando anatola njinga yawo n'kumapita, osatsanzika. Ena anawatsatira. Ine maso anga anali pa wachipewa. Anachoka pomalizira, kachigubu kali m'manja, ndipo iye yekha sindinamuone akuseka ngakhale kamodzi.

Abiti anati, "Tsopano tijambule, ukwati sudikira." Amayi onse anazungulira mikolofoni imodzi pakhonde pomwepo, monga kale, anthu otsala akuonerera. Ine ndinathamangira kaye kuseri kwa mgolo. Ndinapeza Graça adakagwirabe kukamwa kwa mlongo wake, Paulo atagona tulo m'manja mwake.

Madzulo ake ndisanatsekere nkhuku ndinaimbira amuna anga n'kuwauza zonse. Ndinamva akulira. Atafunsa bwino za mawu ochedwa aja anati, "Kodi kabatani ka pa kabokosi sunakadine?" Kanalipo kabatani kakang'ono, kochititsa kuti munthu azidzimva molunjika, mawu asanazungulire mu laputopu. Iwo ankayesa kuti anandiuza, ine sindinakaonepo. Nditakadina, mkazi wa m'kati uja anasowa mpaka lero. Anandiuzanso posinthira mtundu wa mizere, ndipo yonse ndinaisandutsa yobiriwira. Ndinazindikiranso kuti pulogalama yatsopanoyi sikana kujambula gulu lonse pamodzi, tinangotengera za ena. Tsopano gulu limaimba pamodzi, chitseko chotsegula. Ngati pali mawu ofunika kubwereza payekha, munthuyo amaima poyera, mnzake ali pambali pake, madzi akumwa ali pafupi. Phokoso la msika limalowako pang'ono, tambala amalowako, koma palibe amene anabwezapo nyimbo chifukwa cha tambala. Luzia anachira. Anabwera kudzamaliza nyimbo yake amayi ake atakhala pa mpando pafupi naye, ndipo anaimba kamodzi kokha osaphonya.

Ndikuthokoza Mulungu wanga amene anamva pemphero lopanda mutu ndi mchira. Ine ndinkayang'ana thandizo ku tchalitchi, ku Nacala, kwa akuluakulu. Iye analitumiza kuchokera ku mzikiti, litavala mpango woyera, likununkha matemba. Anakonza tsiku la amayi aja ine ndisanadziwe kuti ndidzalifuna. Ndikuthokoza Abiti Amidu, amene nditapita kukawagwadira anandikalipira kuti ndidzuke ndikudetsa kapulana. Inu amene mukunenedwa zimene simunachite, inu amene mwatsekeredwa m'nyumba ndi mantha, musaleke kuitana ngakhale mawu atatsala awiri okha. Ndipo inu amene mumamva mphekesera pa msika, musanatole mwala kumbukirani kuti kuseri kwa chitseko chimenecho mwina kuli ana.

Sindinama kuti mantha anatheratu. Mphekesera ili ngati moto wa mankhusu, pamwamba phulusa, pansi ukunyeka. Wachipewa uja sindikudziwa kwawo. Amuna anga adakali ku Nacala. Ndiye ndinachita ichi. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kanjira kodutsa m'munda wa chinangwa, kudumpha ngalande, kukatulukira kumpanda kwa Abiti. Ndinapita kukawapempha, iwo anamasula bango limodzi la mpanda wawo m'munsi kuti mwana azitha kulowa chokwawa. Ndinatenga ana anga n'kuyenda nawo kanjirako, kupita ndi kubwerera, tsiku ndi tsiku, ndikumuonetsa Graça poponda ndi podumpha. Ndinamuuza kuti akadzamva phokoso la anthu ambiri, asalowe m'nyumba, asandifunefune, asatole kanthu. Abereke mlongo wake, athamange. Anandifunsa kuti nanga inuyo, amayi. Ndinati ine ndidzakupezani komweko.

Dzulo ndinamuuza kuti ayese yekha. Ndinamumangirira Paulo kumsana ndi kapulana, mfundo ziwiri, ine n'kutsala pakhomo. Ndinaona kamutu kake kakulowa m'chinangwa, masamba akugwedezeka, kenako osaonanso kanthu. Ndinaima pamenepo manja ali pachifuwa, osapuma, mpaka kuchokera kutsidya kwa munda ndinamva mawu aja amene msika wonse umawaopa akufuula kuti, "Mayi a Graça! Afika!"